Abambo Anga Anamenya Nkhondo ndi Tsache

Lekani kuseka, ana inu, ndipo iwe Tadala bweza tepiyo. Inde, ndikukulunga tsache. Inde, ndikwera nalo ndege mpaka kumudzi, ndipo ndikudziwa kuti ku Ntcheu masache amamera okha m'tchire, sitigula. Amayi anu anena kale zonsezi, bambo anu nawonso aima pakhomopo n'kupukusa mutu. Khalani pansi, mafoniwo agone chafufumimba. Iwe Chisomo undiyankha m'Chingerezi chako cha m'mphunocho, ndikudziwa, koma makutu ako Chichewa amamva bwinobwino, makamaka nkhani ikakhala ya chakudya.

Abambo anga dzina lawo linali a Filimoni. Anawalemba usilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, ine ndisanabadwe. Anyamata a kwathu ankawatenga pa lole kupita ku Zomba kukaphunzira kuguba, kenako ulendo wa kumpoto mpaka ku Mombasa, n'kuwakweza sitima ya panyanja kupita ku Silooni, dziko lomwe pano akuti Sri Lanka. Kumeneko ankawakonzekeretsa zokamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma. Anzawo onse anakafikadi ku Burma. Abambo anga sanakafikeko, ndipo chinawalepheretsa ndi thumba la mbatatesi.

Tsiku lina sajeni anasankha anyamata amphamvu kuti akathandize kunyamula katundu padoko. Abambo anasenza thumba lawo, n'kukwera kamlatho ka matabwa, n'kulowa pachitseko cha chikhoma chachitsulo chotuwa. Iwo ankayesa ndi nyumba yosungiramo katundu. Musawaseke. Munthu wa ku Ntcheu, sitima anali ataonapo imodzi yokha, imene inawabweretsa ija, ndipo iyo inali ndi mutu ndi mchira wooneka. Ichi chinalibe poyambira, chinalibe pothera. Anatsika makwerero, anakhota, anatsikanso ena, timakonde tonse tofanana, anzawo osaoneka. Ndiye anachita zimene anawaphunzitsa ku Zomba, zoti msilikali akasochera azikhala pomwepo mpaka amupeze. Anakhala pathumba paja, kunali kotentha, tulo tinawaba.

Podzuka anamva pansi pakunjenjemera. Anasenzanso thumba lija, poti sajeni anati lisatulidwe kwina kulikonse koma m'manja mwa wophika, n'kuyamba kukwera. Anatulukira pabwalo lalikulu kuposa la mpira, losalala, mphepo ili kuwomba, ndege zitandanda, zitapinda mapiko ngati nkhuku zonyowa ndi mvula. Abambo anati, chabwino, ndafika pabwalo la ndege, ndifunse njira ya kukampu. Anayenda mpaka kumapeto kwa bwalolo n'kupeza madzi. Anapita mbali ina, madzinso. Dziko lonse la Silooni linali litachoka.

Imeneyo inali sitima ya nkhondo ya Angerezi yonyamula ndege, ndipo inali pa ulendo wokaphulitsa mafakitale a mafuta amene Ajapani analanda kuzilumba za kum'mawa. Bambo anuwa amagwira ntchito pa matanki a mafuta ku Kwinana, kufupi ndi Perth kuno, ndiye nkhaniyi ikafika apa saseka. Akuluakulu a sitimayo anawazungulira abambo, anawayang'ana, anayang'ana thumba. Sitima yoteroyo, yoperekezedwa ndi zinzake kumanja ndi kumanzere, singabwerere chifukwa cha munthu mmodzi ndi mbatatesi. Mfuti sakanawapatsa poti sanali wawo. Kuwaponya m'madzi sakanatha poti anali msilikali wa mfumu yomweyo. Mzungu wina wa ndevu anangopita kuseri n'kubwera ndi tsache.

Ine ndakula ndi sitima imeneyi ngati kuti inali m'bale wathu wa ku Halale amene sanabwerere. Ndinkadziwa kuti ndege zinkagona kunsi, n'kumakwezedwa ndi chikepe chachikulu ngati nyumba. Ndinkadziwa kuti potera ndege inkatsitsa ngowe kumchira n'kukola waya womangidwa chopingasa pabwalo, apo ayi ikagwera kutsogolo m'nyanja. Ndinkadziwanso za munthu amene ankaima m'mbali ndi timatabwa tiwiri tozungulira m'manja, kuuza woyendetsa ndege kuti kwera pang'ono, tsika, pendeka, zimitsa injini. Abambo ntchito imeneyo ankaisirira kwambiri. Amayi akamabwera kuchitsime ndi ndowa pamutu, iwo ankaima pakhomo ndi mbale ziwiri zachitsulo, manja atatambasula, kuwalondolera mpaka alowe kukhitchini. Amayi ankangodutsa n'kunena kuti, "A Filimoni, mukamaliza mundipatse mbalezo nditsuke."

Koma panali tsiku limodzi limene ankalinena osamwetulira. Sitima yawo inali itapitirira kutali, kufupi ndi kwawo kwa Ajapani, ndipo Ajapaniwo atapanikizika anayamba kutumiza anyamata m'ndege osaganiza zobwerera. Mnyamata ankangolunjika sitima n'kudzigwetsapo, iye, ndege ndi bomba lomwe. Ndege imodzi yotere inagwera pabwalo lawo. Moto unabuka, ndege zoimikidwa zinapsa, anthu anafa, pamodzi ndi Mzungu wa tsitsi lofiira amene ankawagawira fodya. Koma bwalolo linali lachitsulo chochindikala, silinabooke, linangokumbika dzenje. Abambo ankati sitima za Amereka zinali ndi mabwalo amatabwa, zikamenyedwa choncho zinkapita kukagona kuchipatala cha sitima, ndipo ponena zimenezi ankatukula chifuwa ngati chitsulocho anasula okha.

Vuto linali kumwamba. Ndege zawo zomwe zinali zitanyamuka m'mawa zinabwerera n'kupeza pakhomo pakufuka utsi. Zinayamba kuzungulira, mafuta akutha, ndipo pansi panalibe dambo kapena munda wa munthu woti n'kuterapo. Moto utazimitsidwa mawu anamveka pa chimkuzamawu kuti osesa atenge masache. Zigoba za ndege anazikankhira m'nyanja, m'dzenje muja anathiramo simenti youma msanga ngati akukonza pansi pa bafa, ndipo abambo ndi anzawo anandanda mzere n'kusesa kuyambira uku mpaka uko, chitsulo chikuwotcha kumapazi. Kachidutswa kamodzi ka chitsulo kakanaphulitsa tayala n'kupha munthu. Dzuwa lisanalowe ndege zinayamba kutera imodziimodzi.

Nkhondo itatha anabwerera kumudzi ndi buluku la amalinyero lotambalala kumapazi, popanda mendulo ngakhale imodzi. Asilikali a pamtunda anati munthuyu anathawa usilikali ali ku Silooni. A panyanja anati sitikumudziwa, sanali wathu. Anzawo aja anabwera ndi mamendulo, malungo a ku Burma ndi nkhani za m'nkhalango, ndipo mkulu wawo anali a Sajeni Kamwendo, munthu wamtali wogontha khutu limodzi chifukwa cha mizinga. Pamowa abambo akayamba ya sitima, a Kamwendo ankatchera khutu labwinolo n'kunena kuti, "Tanenaninso, a Filimoni. Ndege kutera pa sitima? Mawa mutiuza kuti munaona basi ikuimika anthu pamsana pa ng'ona." Anthu ankafa nalo phwete. Mudzi wa Angoni, anthu onyadira nthungo ndi zishango, ndiye wina n'kumati ine nkhondo ndinamenya ndi tsache. Anawatcha a Chitsache, ndipo ine kusukulu ndinali mwana wa Chitsache. Dzino ili likusowa apali silinachoke ndi shuga ngati anu.

Abambo nawonso sankadzithandiza. Kwathu masiku amenewo kusesa pabwalo inali ntchito ya amayi ndi atsikana, mwamuna wogwira tsache ankamuona ngati wadwala mutu. Iwo tambala akangolira anali atatuluka kale, kusesa mowongoka kuyambira pakhola mpaka pankhokwe, kenako n'kutidzutsa anafe tindande mzere, tiyende pang'onopang'ono tikutola kamwala kalikonse, kamsomali, kachitsononkho. Pabwalo pathu pakanatera ndege tsiku lililonse, koma pankangotera nkhunda za aneba. Amayi a kuchitsime ankanong'onezana kuti amayi anga anawadyetsa amuna awo khuzumule. Inu lero muli ndi kamakina kozungulira kaja kamene kamasesa kokha m'nyumba n'kumagunda miyendo ya mipando. Abambo akanakaona akanakachitira sawatcha kapena kukaponda, sindikudziwa.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anapempha. A Kamwendo anali ndi lipenga la kuusilikali, ndipo msilikali wakale aliyense akamwalira ankaliliza pamanda, anthu atavula zipewa. Abambo atadwala matenda awo omaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mendulo sindinaifune, imeneyo ndi yotsekulira mabotolo. Koma lipenga lidzandilirire. Anthu adzadziwe kuti sindinathawe." Pamenepo n'kuti ndili bambo kale, telala pakhonde la sitolo ku Limbe, amayi anu ali kumsana. Tsiku la maliro ndinapita kwa a Kamwendo, ndinagwada, ndinanena mbali ya khutu labwino. Anandiyankha kuti, "Mwana wanga, lipengali ndi la anthu amene anamva fungo la wonga. Bambo ako muwaimbire nyimbo za kutchalitchi, zikwanira." Tinawaika chete. Zinandipweteka kwambiri, ana inu, ndipo ululu umenewo ndinakalamba nawo, sunachepe.

Tsopano tibwere kuno ku Perth. Mukukumbukira kuti ndinabwera kudzaona khanda, mng'ono wanu, n'kumati ndikhala pang'ono ndibwerere kukakolola. Korona anatseka zipata ndili mkati. Chimanga changa anakolola ena, chinanso anabzala ena, ine ndili pano kuphunzira kusamba m'manja ngati mwana. Tsiku lina amayi anu ananditenga kukayenda m'mbali mwa mtsinje, ndipo ndinangoima chilili. Pamadzi pankayandama abakha akuluakulu akuda bii, makosi ataliatali opindika, milomo yofiira. Abambo ankanena kuti sitima yawo inaima padoko lina lotentha, la ntchentche zosamva kuingitsa, kumene abakha ake ndi akuda a makosi ngati njoka, ndipo ya abakhayi ndi imene a Kamwendo ankaikonda kuposa zonse. Madzulo ake bambo anu anafunsa foni yawo, foni n'kuvomera kuti sitima zonyamula ndege za Angerezi zinaimadi ku Fremantle, doko la mzinda uno, pa nkhondoyo. Ndinati, ifunseninso ngati ikuwadziwa a Filimoni. Foni inatipatsa buku la m'Baibulo.

Tsacheli ndinagula kusitolo ya ku Cannington, tsiku lija anthu ankalimbirana mapepala a kuchimbudzi. Ine mpaka lero sindimvetsa. Matenda ndi a chifuwa, anthu akuthamangira za kumbuyo. Mashelefu anali mbee, kupatula pakona pomwe panali masache okha osawakhudza munthu, ndiye ndinati nditulukemo ndi kanthu. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse kusanache ndinkasesa kanjira ka galimoto aka, kuyambira pagalaja mpaka kumsewu. Munthu wotsekeredwa amabwerera ku zimene anazolowera ali mwana.

Apa m'pamene inayambira nkhondo yanga ndi bambo Keith, aneba athu okalambawa, amuna awo a mayi Maureen. Awiriwa anachoka ku Mangalande ali achinyamata. A Keith ali ndi makina aphokoso opemerera masamba, ndipo masana ankapemerera masamba a bulugamu wawo kubwera kwathu. M'mawa ine ndinkawasesa kuwabwezera kwawo, poti mwini mtengo ndi mwini masamba. Masana ankabweranso. Masamba omwewo anayenda ulendo umenewu mpaka ndinayamba kuwazindikira ena nkhope. Tikakumana tinkangoti "Morning," aliyense mano ali pamtunda.

Ndiye m'mawa wina, nyengo yozizira ikuyamba, ndinatuluka ndi tsache langa monga mwa masiku onse. Nditangotsegula chitseko ndinaima pomwepo. Msewu wonse anthu anali ataima, banja lililonse kumapeto kwa kanjira kake, makandulo m'manja, ena zithunzi, onse ali zii. Ana inu, kwathu ukaona anthu ataima chete pakhomo kusanache, sufunsa kuti kwagwanji. Ndinati basi, Korona walowa nyumba iliyonse usiku umodzi, watisiya ife tokha. Ndinayamba kuganiza kuti kupepesa ndiyambira nyumba iti, ndipo msewu wonsewu adzukulu okumba manda achokera kuti. Amayi anu anali ku ntchito kosamalira okalamba kuja, bambo anu ku Kwinana, inu mukuliza mkonono. Mwamuna wa panyumba ndinali ine, ndipo maliro a mneba sazemba ngakhale mukhale pa nkhondo ya masamba.

Ndinavula chipewa, tsache kukhwapa, n'kupita kwa mayi Maureen. Ndinaima patali monga mwa lamulo la matendawa, n'kunjuta pansi monga tichitira pasiwa, mawondo akulira.

"Pepani mayi," ndinatero m'Chingerezi changa cha ku Limbe. "Watisiya ndani?"

Anandiyang'ana, n'kutembenuza chithunzi chimene chinali m'manja mwawo. "Awa ndi bambo anga."

"Pepani kwambiri. Zachitika usiku womwe uno?"

"Ayi, anamwalira kalekale, ku Mangalande, ali nkhalamba."

"Ndiye uthenga wafika lero?"

Mayi aja anaphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka, ine n'kumayesa akulira. Atapeza mpweya anandiuza monong'ona kuti palibe wamwalira. Linali tsiku lawo lokumbukira asilikali, limene chaka chilichonse amasonkhana mbandakucha pachipilala, koma chaka chimenecho kusonkhana kunaletsedwa ndiye anagwirizana kuti aliyense aime pakhomo pake. Ndisanadzuke n'komwe a Keith anatulukira atavala jekete yothina, lipenga m'manja. Ankaimba mu bandi ali mnyamata, ndipo unyamatawo unali utapita kutali. Analiza nyimbo yomwe ija ya a Kamwendo. Ndinaizindikira ngakhale inkatuluka mopunduka, apa yakwera, apa yatsamwa, kagalu kawo kakuthandizira. Ndinadzuka n'kuima njo. Tsache ndinasowa poliika, ndiye ndinaliika paphewa ngati mfuti.

Atamaliza, a Keith anapukuta milomo n'kundiponyera mawu. "Ngakhale lero, bwanawe? Tsache silipuma ngakhale tsiku la asilikali?"

Ine mtima wanga mumaudziwa, amayi anu anatengera kuno. Koma ndisanayankhe maso anga anagwera pachithunzi chija, poti kunja kunali kutayamba kuyera. Mnyamata wa chipewa chachikopa ataima pambali pa ndege, ndipo ndegeyo inali itapinda mapiko.

"Mayi, ndege iyi ndi ya pasitima."

"Inde. Bambo ankayendetsa ndege za pa sitima, kumenyana ndi Ajapani. Mwadziwa bwanji?"

Ndinawauza zonse, za mbatatesi, za simenti, za mzere wa osesa, za lipenga limene linakanidwa. Poti tinaima motalikirana ndipo a Keith makutu ndi olemera, ndinkachita kukuwa, moti msewu wonse unamva mbiri ya a Filimoni, ngakhale banja la Amwenye la pakona lija. Ndinkadikira phwete. Moyo wanga wonse nkhaniyi ikatha pamabwera phwete.

Mayi Maureen sanaseke. Anati bambo awo anali ndi nkhani imodzi imene ankainena Khirisimasi iliyonse mpaka ana kutopa nayo. Tsiku lina anabwerera n'kupeza sitima yawo ikufuka, n'kumazungulira kumwamba, kasingano ka mafuta kakugona. Akayang'ana pansi ankaona tianthu ting'onoting'ono titandanda mzere tikusesa. "Ankati tsiku limenelo sanapempherere mfumu kapena mkulu wa nkhondo," anatero mayiwo. "Ankangoti, Mulungu, fulumizitsani anyamata a masachewo."

Anandifunsa dzina la sitima. Sindilidziwa, ana inu. Abambo ankangoti Chibwalo, ndipo sitima za Angerezi zimene zinamenyedwa choncho sinali imodzi. Mwina inali yomweyo, mwina ina. Ndinawauza choncho, poti sindinafune kuba bambo wa eni. Iwo anati zilibe kanthu, amene anasesa anasesa. Kenako anatembenuka.

"Keith, lizanso."

"Maureen, imalizidwa kamodzi. Milomo yanganso yatha."

"Keith."

Inu simunakwatire, simungadziwe kuti dzina la munthu likhoza kukhala chiganizo chathunthu. A Keith anandifunsa dzina la abambo, ndinawauza, analinena mokweza kuti msewu umve, ngakhale analipotoza pang'ono. Anthu amene anali atayamba kulowa m'nyumba anabwerera, ena n'kuyatsanso makandulo. Amuna anavula zipewa. Ulendo wachiwiriwu lipenga linalira moipa kuposa poyamba, pena linkangotuluka mpweya wokha, kagalu kaja kanalira mpaka kugwa chagada. A Kamwendo akanamva akanathokoza Mulungu chifukwa cha khutu logonthalo. Ine ndinalira ngati mwana, tsache lili paphewa, mamina ali chuchuchu, ndipo sindinachite manyazi.

Mayi Maureen anachotsa kaduwa kofiira kapepala kamene kanali pachifuwa pawo. Kundipatsa m'manja sakanatha, ndiye anakapopera sanitayiza mpaka kunyowa, anakaika pampanda, n'kubwerera m'mbuyo kuti ine ndikatenge. Ndi aka mukukaona pamtengo wa tsachepa, kofwifwaka. Ndinakasokerera ndi ulusi wa nsapato, sikangachoke. Masana a tsiku lomwelo a Keith anayatsa makina awo n'kupemereranso masamba kwathu, ndipo m'mawa mwake ndinawabwezera. Zinthu zina sizisintha ndi lipenga.

Tsopano zipata zatseguka, mawa ndikupita. Ndikafika ndikapempha chilolezo cholowa kumanda, ndikasese pa abambo ndi tsache ili, mowongoka, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, ndikatole kamwala kalikonse. Ndikatero ndikawauza kuti, Bambo, abakha akuda aja ndawaona, ndipo lipenga lakulirirani kudziko komweko, anthu atavula zipewa. Ndikanena mokweza kwambiri, chifukwa a Kamwendo anagona chapafupi pomwepo, ndipo sindikukumbuka kuti khutu labwino linaloza mbali iti.

Tadala, gwira apa ndimange. Usapinde kaduwako.